Funsani Aphunzitsi: Anamva Lachisanu, Lolemba Aiwala

Mwezi uno makalata ambiri achokera ku Mzuzu, ndipo pafupifupi onse akudandaula za kuiwala kwa ana. Tawafupikitsa kuti malo a mayankho akwane.

Ndimaphunzitsa Sitandade 7, ndipo m'kalasi mwanga muli ana 94. Ndikamaliza phunziro ndimafunsa kuti, "Mwamva?" onse n'kuyankha kuti, "Eee!" Ndikawafunsa nthawi yomweyo amakhozadi. Koma likafika Lolemba zimakhala ngati sindinaphunzitsepo. Vuto ndi ine kapena anawo?
*Mphunzitsi wamayi, Chibavi*

Mayi, musadziimbe mlandu, ndipo anawo musawaone ngati mbuli. Umo ndi mmene mutu wa munthu aliyense umagwirira ntchito. Mu 1885 katswiri wa ku Germany, Hermann Ebbinghaus, adasindikiza zimene adapeza atadziyesa yekha kwa nthawi yaitali. Ankaloweza mindandanda ya timaphatikizo topanda tanthauzo, kenako n'kuona kuti watsala ndi zingati pakapita ola, tsiku, sabata ndi mwezi. Adaona kuti zambiri zimatayika m'maola oyambirira, kenako kuiwalako kumayamba kuyenda pang'onopang'ono. Adaonanso kuti chinthu chimene waiwala ukachibwerera suvutika nacho ngati poyamba. Choncho kukhoza kwa ana anu Lachisanu kumangoonetsa kuti mawu anu akadali m'makutu mwawo. Chimene chakhala m'mutu mumachidziwa Lolemba.

Mankhwala amene kafukufuku watsimikizira mobwerezabwereza ndi akuti mwanayo azitulutsa yekha m'mutu zimene adaphunzira, kope litatsekedwa. Mu 2006 Henry Roediger ndi Jeffrey Karpicke a ku Washington University ku St. Louis adapatsa ophunzira nkhani yaifupi. Gulu lina lidaiwerenga m'zigawo zinayi za mphindi zisanuzisanu. Gulu lina lidaiwerenga chigawo chimodzi chokha, ndipo m'zigawo zitatu zotsalazo linkalemba papepala loyera zonse zimene likukumbukira. Atayesedwa patangopita mphindi 5, owerenga mobwereza aja adapambana, 83 pa 100 poyerekeza ndi 71. Atayesedwa patapita sabata zinthu zidatembenuka: owerenga mobwereza adatsala ndi 40 pa 100, pamene odzikumbutsa okha adali ndi 61. Chomvetsa chisoni n'chakuti gulu limene lidaiwala kwambiri ndi limene linkadzidalira kuti likumbukira bwino. Chikomekome cha nkuyu, m'kati muli nyerere.

M'kalasi mwanu chitani motere. Ana asanakhazikike, lembani mafunso 5 pambali pa bolodi: awiri a phunziro ladzulo, limodzi la sabata yatha, limodzi la mwezi watha, limodzi la teremu yatha kapena la Sitandade 6. Makope a manotsi atsekedwe. Aliyense alembe mayankho kumapeto kwa kope lake, payekha, kwa mphindi 3. Kenako perekani mayankho olondola, mwana aliyense adzichongere yekha ndipo pamene walakwa alembe yankho loona pambali pake. Pomaliza auzeni aike zala pachifuwa kusonyeza kuchuluka kwa mafunso amene akhoza. Mukangoyang'ana kalasi kamodzi mwadziwa kale ngati zinthu zili bwino. Zonsezi zisapitirire mphindi 7, ndipo simutenga kope ngakhale limodzi kukachonga kunyumba. Ndi ana 94, njira iliyonse yofuna kuti muzichonga nokha tsiku ndi tsiku idzafa sabata isanathe.

Kumene makope ndi ovuta, lembani funso ndi mayankho atatu osankhapo. Werengani mpaka katatu, ndipo onse aonetse nthawi imodzi chala chimodzi, ziwiri kapena zitatu pachifuwa, pamene mnzake wapambali sakuona bwino. Mayankho olakwikawo akhale amene ana amasokonezadi. Mukafunsa chaka chimene Malawi adalandira ufulu wodzilamulira, ikani 1964, 1966 ndi 1994, chifukwa zaka zitatuzi ndi zimene zimasakanikirana m'mitu mwawo.

Tsopano zimene zimaononga njirayi, poti taona kuti ambiri amaisiya n'kunena kuti sigwira ntchito pamene vuto linali kachitidwe.

Choyamba ndi kuyankha kwa chigulu. Mukafunsa kalasi yonse n'kuyankhira pamodzi, amene akumbukira ndi ana asanu kapena asanu ndi mmodzi a kutsogolo. Enawo amangotsatira phokoso, pakamwa pakuyenda koma m'mutu mulibe chimene chafufuzidwa. N'chifukwa chake tikunena kuti aliyense alembe. Pamene mukufunsa pakamwa, yambani ndi funso, dikirani, dzina la mwana libwere pomaliza. Mukayamba ndi dzina, ana 93 apuma. Mary Budd Rowe, amene adajambula mawu m'makalasi ambiri ku America m'zaka za m'ma 1960 ndi 1970, adapeza kuti aphunzitsi amadikira pafupifupi sekondi imodzi yokha asanasunthire kwa mwana wina kapena kudziyankha okha. Atazolowera kudikira masekondi atatu kapena kuposerapo, mayankho a ana adatalika ndipo ana amene ankakhala chete adayamba kuyankha. Werengani chamumtima mpaka faifi. Poyamba bata limenelo limakhala lolemera, koma ndi nthawi imene mwana akufukula yankho.

Chachiwiri ndi kusaperekera mayankho olondola pompo. Mwana akalemba kuti malungo amabwera chifukwa chodya nzimbe kapena kunyowa ndi mvula, inu osamukonza, wangolimbitsa cholakwikacho. Yankho loona, lakuti ndi udzudzu waukazi wa anofelesi umene umafalitsa tizilombo, alimve mphindi yomweyo, ndipo funso limenelo libwerenso pakapita masiku awiri.

Chachitatu ndi kusandutsa mafunsowa mayeso. Mukayamba kulemba malikisi, kukalipa kapena kuimika olakwa kutsogolo, ana ayamba kubera ndi kunama zala, ndipo inu mutaya chida chanu choonera. Auzeni poyera kuti kulakwa pano n'kololedwa, chifukwa ndi bwino kulakwira m'kalasi kusiyana ndi kukalakwira pa mayeso a MANEB.

Barak Rosenshine, pofotokoza zimene aphunzitsi ochita bwino amachita, adanena kuti ana azikhoza pafupifupi 80 pa 100 ya zimene akufunsidwa poyeserera. Pa mafunso anu 5, ndiye kuti ambiri azikweza zala zinayi. Ngati ambiri akukweza ziwiri, mutuwo sunamveke ndipo mafunso okha sangaukonze, uphunzitsidwenso. Ngati onse akukweza zisanu tsiku lililonse, mafunso anu ndi ofewa kwambiri kapena mukufunsa zadzulo zokhazokha. Ndipo pa asanuwo, limodzi lizikhala la "chifukwa chiyani", monga chifukwa chimene mlimi amapangira mizere yopingasa pamalo otsetsereka, kuti ana asazolowere kuti kudziwa ndi kutchula maina ndi zaka basi.

Sungani kope limodzi la mafunso. Mukamaliza phunziro lililonse lembanimo mafunso atatu ndi deti lake. Pofika pakati pa teremu simudzavutikanso kupeza funso la mwezi watha.

Ophunzira anga a Fomu 4 amakhoza bwino ntchito ya masamu imene ndimapereka tikamaliza mutu. Pa mayeso a moko ambiri adagwa, ndipo ena adagwiritsa ntchito njira ya Pythagoras pa triangle yopanda ngodya ya madigiri 90. Ndingatani?
*Mphunzitsi wa pa CDSS, dera la Luwinga*

Bambo, taonani mmene ntchito ya m'buku imakhalira. Mutu uli pamwamba pa tsamba, ndipo masamu onse khumi apansi pake amafuna njira imodzi. Mwana safunika kuganiza kuti agwiritse njira iti, tsamba lamuuza kale. Pa MSCE palibe womuuza. Ntchito yoyamba m'chipinda cha mayeso ndi kuzindikira mtundu wa funso, ndipo imeneyo ndi imene sadaiyesererepo.

Doug Rohrer ndi Kelli Taylor mu 2007 adaphunzitsa ophunzira kupeza volume ya zinthu za maonekedwe anayi osiyana. Ena adayeserera mtundu umodzi mpaka kumaliza asanapite ku wina, ena adayeserera mosakaniza. Pa nthawi yoyeserera, a mtundu umodziumodzi adakhoza 89 pa 100, osakaniza 60. Patapita sabata, a mtundu umodziumodzi adapeza 20 pa 100 okha, osakaniza 63. Onani bwino manambalawa, chifukwa akukuchenjezani pasadakhale: mukayamba kusakaniza, malikisi a m'kalasi atsika ndipo ophunzira adandaula kuti mukuwasokoneza. Afotokozereni chifukwa chake musanayambe.

Kusakaniza kumabwera mutu utamveka. Tsiku loyamba la cosine rule, njira yopezera mbali kapena ngodya ya triangle iliyonse, apatseni masamu a cosine rule okhaokha, anayi kapena asanu. Kuyambira tsiku lotsatira, pa masamu 10 a ntchito ya kunyumba, 4 akhale a mutu watsopano ndipo 6 achokere m'mitu yakale, makamaka yofanana nkhope: Pythagoras, sine rule, cosine rule. Musaaike motsatana ndipo musalembe mitu pamwamba. Kamodzi pa sabata jambulani ma triangle 6 pa bolodi, ophunzira asawerengere chilichonse, angolemba njira imene angagwiritse ntchito ndi chimene chawauza zimenezo pa chithunzipo. Zimatenga mphindi 5, ndipo zimalasa pa vuto lenileni limene mwatchula. Ku pulayimale n'chimodzimodzi ndi area ndi perimeter: munda wa mamita 8 m'litali ndi 5 m'lifupi, funso lina likhale la kutalika kwa mpanda wozungulira, yankho mamita 26, lina la kukula kwa malo olima, yankho masikweya mita 40.

Tiwonjezere za kaphunzitsidwe ka mutu watsopano. Malo amene munthu amasungira zinthu zimene akuziganizira pa nthawi imodzi ndi ochepa kwambiri. George Miller mu 1956 adati ndi zinthu pafupifupi 7, ndipo Nelson Cowan mu 2001 adati zoona zake zili pafupi ndi 4. John Sweller wa ku Australia adaonetsa kuti wophunzira watsopano akaponyeredwa samu kuti adzipezere yekha njira, malo ochepawo amathera pa kufufuzafufuza ndipo sipatsala oti aphunzirire. Choncho gawani bolodi pakati. Kumanzere sovani chitsanzo chonse, mzere uliwonse muzinena chifukwa chake. Kumanja lembani samu yofanana nayo kuti asove okha, chitsanzocho chikadali pa bolodi. Chitsanzo chachiwiri siyani mzere womaliza, chachitatu siyani mizere iwiri, mpaka azisova okha kuchokera pamwamba. Cholakwika chofala ndi kufufuta chitsanzo msanga chifukwa bolodi yachepa, kapena kulankhula pamene ana akukopera. Kukopera ndi kumvetsera zimalimbirana malo omwewo. Fotokozani zolembera zili pansi, kenako khalani chete akopere.

Mwana wanga wamkazi alemba Fomu 4 chaka chino. Amawerenga mpaka 2 koloko usiku, mapazi ataviika m'beseni la madzi ozizira kuti asagone, ngakhale kuzizira kwa kuno mu Juni mukukudziwa. Amakopera manotsi m'kope lina ndi kudula mizere pansi pa mawu. Komabe malikisi sakukwera.
*Kholo, Chiputula*

Mayi, khama mwanayo ali nalo, ndipo mumuyamikire. Koma beseni lichoke. Kuyambira 1924, pamene Jenkins ndi Dallenbach adaonetsa kuti anthu amakumbukira bwino zimene aloweza akagona kusiyana ndi akakhala maso maola ofanana, kafukufuku wakhala akutsimikiza kuti tulo ndi gawo la kuphunzira. Ubongo umakhazikitsa za tsikulo munthu ali m'tulo. Wachinyamata wa msinkhu wake amafunika maola 8 kapena kuposerapo.

Za kukopera ndi kudula mizere: mu 2013 John Dunlosky ndi anzake adaunika njira 10 zimene ophunzira amagwiritsa ntchito powerenga. Kuwerenga mobwereza ndi kudula mizere adaziika m'gulu la zothandiza pang'ono. Ziwiri zokha ndi zimene adaziika pamwamba: kudziyesa ndi kumwaza kuwerenga pa masiku angapo. Dimba limene mwathira zidebe khumi Lamlungu lokha silifanana ndi limene mumathira ziwiri tsiku lililonse.

Ayambe chonchi. Awerenge mutu umodzi wa Bayoloje kwa mphindi 20, atseke kope, atenge pepala loyera alembe zonse zimene akukumbukira, kuphatikizapo zojambula monga mtima ndi zipinda zake zinayi. Kenako atsegule kope, awonjezere zimene adasiya ndi cholembera cha mtundu wina. Zimene zalembedwa ndi mtundu wachiwiriwo ndi zimene sakuzidziwa, ndipo mawa ayambire pomwepo.

Pa matanthauzo, zaka ndi mafomula, adule timakadi kuchokera ku katoni ya sopo kapena ya tiyi, funso kutsogolo, yankho kumbuyo. Akhale ndi mabokosi atatu kapena maenvelopu atatu. Makadi a m'bokosi loyamba aziwaona tsiku lililonse, a lachiwiri pakapita masiku atatu, a lachitatu kamodzi pa sabata. Khadi limene wakhoza lipite bokosi lotsatira, limene walakwa libwerere loyamba ngakhale linali litafika lachitatu. Njirayi adaifalitsa Sebastian Leitner mu 1972. Pamene imalephera ndi pamene mwana atembenuza khadi asanayankhe, n'kunena kuti, "Ndimadziwa kale." Ayambe watchula yankho mokweza kapena kulilemba. Apa ndi pamene inu mungathandize ngakhale phunzirolo simulidziwa: gwirani makadiwo, muzimufunsa pamene mukusankha nyemba madzulo, ndipo muzifananiza yankho lake ndi lolembedwa kumbuyo.

Mapepala a mayeso a zaka zam'mbuyo awalembe ngati ali m'chipinda cha mayeso, wotchi ili patsogolo, mayankho ali kutali. Kuwerenga funso pamodzi ndi yankho lake ndi kuwerenga mobwereza komwe kuja.

Tidauzidwa kuti ana ena amaphunzira poona, ena pomva, ena pogwira, ndipo tiziwagawa m'magulu motero. Ndiyambire pati?
*Wophunzira zauphunzitsi, Katoto*

Musayambe n'komwe. Mu 2008 Harold Pashler ndi anzake adafufuza ngati pali umboni wodalirika wakuti mwana amakhoza bwino akaphunzitsidwa motsatira mtundu umene akuti ndi wake, ndipo sadaupeze. Ana ali ndi zokonda zosiyana, koma chimene chimasankha njira ndi phunzirolo. Mapu a Malawi aliyense ayenera kuwaona, katchulidwe ka mawu a Chingerezi aliyense akamve, kuyeza ndi rula aliyense agwire. Chothandiza onse ndi kuphatikiza chojambula ndi mawu, maina a ziwalo atalembedwa pa chojambula pomwepo osati pa mndandanda wakutali. Choopsa cha kugawa ana ndi chakuti amene mwamutcha "wogwira" amayamba kukhulupirira kuti buku si lake.

Ana ambiri m'kalasi mwanga kwawo amalankhula Chitumbuka, ena Chitonga. Mu Sitandade 5 amaloweza ziganizo za Chingerezi za Sayansi n'kuzilemba bwinobwino, koma ndikatembenuza funso pang'ono amasowa chonena. Kodi ndiwaletse kuloweza?
*Mphunzitsi, Zolozolo*

Kuloweza pakokha si mdani. Mwana amene akudziwa pamtima kuti 7 kuchulukitsa ndi 8 ndi 56 amakhala ndi malo m'mutu oganizira samu yonse, pamene mnzake akujambula timitengo kumbuyo kwa kope n'kuiwala chimene funso limafuna. Matebulo, maliwu a zilembo ndi mawu ofunika a phunziro ayenera kukhala pamtima. Vuto la ana anu ndi lakuti akuloweza phokoso limene silinakolowekedwe pa chinthu chilichonse chimene akudziwa.

Mu 1972 John Bransford ndi Marcia Johnson adawerengera anthu ndime yofotokoza ntchito ina popanda kuitchula dzina. Anthuwo adakumbukira zochepa. Amene adauzidwa pasadakhale kuti ndimeyo ikukamba za kuchapa zovala adakumbukira zambiri, koma amene adauzidwa atamva kale sadathandizike. Tanthauzo liyenera kutsogola.

Choncho musanalembe tanthauzo la evaporation pa bolodi, funsani kumene madzi a pa malaya oyanikidwa amapita, ndi chifukwa chimene zovala zimachedwera kuuma masiku a mitambo ndi mvula yowaza ya kuno kusiyana ndi mu Okutobala. Aloleni akambirane awiriawiri kwa mphindi imodzi m'chilankhulo chimene amaganizira. Lingaliro likagwira, lipatseni dzina lake la Chingerezi, alitchule, alilembe. Mawu atsopano asapitirire 4 kapena 5 pa phunziro limodzi, chifukwa mwana amene akulimbana ndi chilankhulo ndi phunziro nthawi imodzi malo ake aja amadzaza msanga. Ndipo poyesa ngati amva, musafunse tanthauzo lokha. Funsani kuti apereke chitsanzo chawo chimene inu simunatchule, monga usipa wouma pa thandala kapena chithaphwi chimene chaphwa pamsewu.

Zonsezi n'zabwino, koma silabasi ndi yaitali ndipo a PEA, alangizi a sukulu za pulayimale mu zoni yathu, akabwera amayang'ana ngati ndikuyenda ndi sikimu, ndondomeko ya mitu yophunzitsa sabata ndi sabata. Nthawi yobwereza ndiipeza kuti?
*Mphunzitsi wa Sitandade 8, Mchengautuwa*

Aphunzitsi, nthawiyo mumaigwiritsa ntchito kale, kungoti yonse mumaiunjika kumapeto, m'masabata a rivishoni PSLCE itayandikira, pamene zambiri zafufutika ndipo mukuchita kuphunzitsanso kuyambira pachiyambi. Mphindi 6 pa phunziro, masiku 5 pa sabata, ndi theka la ola pa sabata. Zilembeni mu lesoni pulani ngati chiyambi cha phunziro, pamalo pamene kale munkangofunsa kuti, "Dzulo tidaphunzira chiyani?" mwana mmodzi n'kuyankha.

Za kutalika kwa mpata, Nicholas Cepeda ndi anzake mu 2008 adayesa anthu oposa 1,300 ndipo adapeza kuti mpata wabwino umadalira kutalika kwa nthawi imene mukufuna kuti chinthucho chikumbukiridwe. Ngati mayeso ali pakapita sabata, bwererani pakapita tsiku limodzi kapena awiri. Ngati ali pakapita chaka, mpata wa masabata atatu mpaka asanu ndi umene udathandiza kwambiri. Adaonanso kuti kuchedwerapo pang'ono sikuononga kwambiri ngati kufulumira. Kwa inu, mutu umene mwaphunzitsa sabata yachiwiri ya teremu yoyamba uonekere m'mafunso mawa lake, kenako sabata yachitatu, kenako yachisanu ndi chimodzi, ndiponso kamodzi kapena kawiri pa teremu iliyonse yotsatira. Tengani sikimu yanu, jambulani mzere wowonjezera kumanja, ndipo pa sabata iliyonse lembani ndi pensulo mitu iwiri yakale imene ibwerere. Mukakhala aphunzitsi awiri kapena atatu a Sitandade 8 pa sukulu imodzi kapena mu zoni imodzi, gawanani maphunziro, aliyense alembe mafunso a phunziro limodzi, mukasinthane pa TDC, malo amene aphunzitsi a mu zoni amakumanirana.